Musanagule Ng'ombe, Yambani Mwadzala Udzu

Adzukulu anga a kuno ku Mufakose, masiku ano ndikumva ambiri a inu mukukamba za ng'ombe za mkaka. Wina ali ku Johannesburg, akutumiza ndalama kuti am'gulire ng'ombe ziwiri pa puloti ya ku Norton. Wina wapeza kamalo ku Seke. Palinso amene akuganiza zobwerera kwa agogo ake ku Thyolo kapena ku Dedza kuti akayambe ulimi. Zimenezi zimandikondweretsa kwambiri, pakuti ntchito za m'mafakitale a ku Willowvale ndi ku Workington zimene zinalera makolo anu sizikupezekanso monga kale. Koma ndikamvetsera macheza anu, nkhani imangokhala ya mtundu wa ng'ombe, kaya Holstein kaya Jersey, mtengo wake, ndi malita amene wogulitsa walonjeza. Sindinamvepo mmodzi wa inu akufunsa kuti ng'ombeyo idzadya chiyani mu Okutobala, udzu utapsa ndi dzuwa. Funso limenelo ndi limene landichititsa kulemba.

Si nkhani yachilendo pa mtundu wathu. Makolo athu ambiri amene anachoka ku Nyasaland, ena pa malole a Ulere, ena polembedwa ntchito ndi bungwe la Mthandizi, anathera m'mafamu a ku Beatrice, Norton, Marondera ndi Mazowe. Amene ankadzuka tambala asanalire kukakama, kudula chimanga cha sayileji, kupala ndowe m'makola ndi kugona pafupi ndi ng'ombe yofuna kubereka, ambiri anali anthu akwathu. Inenso unyamata wanga ndinaudyera pa famu ina ya mkaka. Mafamu atalandidwa kuyambira m'chaka cha 2000, anthu athu anabalalika, ena kubwera kudzapanikizana m'nyumba za abale kuno, ndipo nzeru imene inali m'manja mwawo sinalembedwe paliponse. Dziko lino linkakama malita oposa 250 miliyoni pa chaka cha m'ma 1990. Pofika 2009 anali osakwana 40 miliyoni. Mu 2024 ndi pamene anadutsanso 100 miliyoni. Malo oti mulowepo alipo ndithu, koma mulowe mukudziwa chimene mukuchita.

Choyamba, mvetsani mimba ya ng'ombe. Ng'ombe ili ndi zifu zinayi, ndipo choyambacho n'chachikulu kwambiri, moti mwa ng'ombe yaikulu chimatha kulowa malita oposa 100. M'menemo muli tizilombo tosaoneka ndi maso tochuluka zedi, ndipo ndi timeneti timene timagaya udzu umene ife anthu sitingathe kugaya. Chifu chimenechi chili ngati mbiya ya mowa umene ukuwira: mukausokoneza muyeso, wonse umasasa. Ng'ombe ikagona pansi n'kumabzikula, sikuti ikuchita ulesi. Ikutafunanso udzu, ndipo potero imatulutsa malovu ambiri, malita oposa 100 pa tsiku, amene amaziziritsa asidi wa m'chifumo. Chimene chimaichititsa kubzikula ndi udzu wautali, wokhala ndi ulusi wake. Mukaichepetsera udzu n'kuichulukitsira zaufa, kubzikula kumachepa, malovu amachepa, asidi amakwera, tizilombo tija timayamba kufa.

Ndikutsindika pamenepa chifukwa ndi pamene achinyamata a m'tauni mumagwera. Madeya mumawapeza mosavuta pa chigayo, masese a mowa mumawapeza motchipa, ndiye mumati ng'ombe ikadya zambiri za zimenezi mkaka uchuluka. Masiku oyamba umachulukadi. Kenako ndowe zimasanduka zamadzi, zathovu ndi zonunkha mowawasa. Ng'ombe imayamba kudya lero, mawa kukana. Pakapita milungu imayamba kutsimphina, chifukwa asidi uja amafika mpaka kuwononga ziboda. Mkaka nawo umasukuluka, mafuta ake amatsika, ndipo mayi amene ankagula kwa inu kuti apange mkaka wowawasa amadabwa kuona madzi okhaokha pamwamba. Ng'ombe yothyola chitseko cha nkhokwe n'kudya chimanga chambiri nthawi imodzi imatha kufa usiku womwewo. Madeya ndi abwino, masese ndi abwino, chakudya cha m'matumba chogula ku sitolo n'chabwinonso, koma zonsezi ndi zoonjezera pamwamba pa udzu. Muziipatsa moyeza, mogawa m'mawa ndi madzulo pokama, molingana ndi mkaka umene ikutulutsa: pafupifupi kilo imodzi pa malita awiri kapena atatu alionse. Ndipo chakudya chatsopano chilichonse chizilowa pang'onopang'ono, kwa mlungu umodzi kapena iwiri, kuti tizilombo ta m'chifu tichizolowere. Masese osakhalitsa, chifukwa nyengo yotentha amaola m'masiku ochepa.

Tsopano ndikambe chimene chimandisowetsa tulo, ndicho chuku. Mwambo woipa umene tili nawo, kuno ngakhalenso kumudzi, ndi wakuti chimanga chikavunda, mtedza ukachita nkhungu, timati tipatse ziweto. Timaona ngati tapulumutsa chakudya. Chuku chimene chimamera pa chimanga ndi mtedza wosungidwa pachinyontho chimatulutsa poizoni amene madokotala amamutcha aflatoxin. Ng'ombe ikam'dya, chiwindi chake chimayesa kulimbana naye, koma gawo lina limatulukira mu mkaka pasanathe tsiku limodzi. Mkakawo umaoneka woyera bwinobwino, sununkha, suwawa. Mukauphitsa, majeremusi amafa koma poizoniyo samafa. Amene amamwa mkaka kwambiri m'nyumba ndi ndani? Ndi mwana wamng'ono, ndi wodwala, ndi nkhalamba ngati ine. Poizoni ameneyu amawononga chiwindi mwakachetechete, ndipo amadziwika kuti amayambitsa khansa ya m'chiwindi. Chakudza sichiimba ng'oma, ana inu. Ku Kenya mu 2004 anthu oposa 100 anafa atadya chimanga cha chuku. Ku Zambia mu 2024 boma linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa ndi chakudya chochokera ku chimanga chokhala ndi poizoni yemweyu, mpaka ufa wina unachotsedwa m'masitolo. Choncho madeya amene aumbika zibuma, amene afunda mkati mwa thumba, amene akununkha chinyontho, musapatse ng'ombe yokamidwa ngakhale mutawapeza aulere. Matumba muziika pa matabwa, osati pa simenti, ndipo asagunde khoma. Chotonthoza n'chakuti mukaleka kupereka chakudya choipacho, pakapita masiku ochepa mkaka umayeranso.

Zina zoopsa mumaziona tsiku ndi tsiku, kungoti simuzilumikiza ndi ng'ombe. Majumbo amene ali mbwee m'ngalande kuyambira pa Samuriwo mpaka kumadambo a kumunsi, ng'ombe yanjala kapena yosowa mchere imawameza, ndipo sagayika. Amaunjikana m'chifu mpaka ng'ombe imaonda mimba ili tumbi. Waya ndi misomali zimene zimasakanikirana ndi udzu wodula m'mbali mwa msewu zimatha kuboola chifu n'kukafika ku mtima. Chitsamba cha lantana, chija cha maluwa okongola chimene chadzaza m'mphepete mwa njanji, chimawononga chiwindi, khungu loyera la ng'ombe n'kumasupuka ndi dzuwa. Yuriya amene alimi ena amathira m'mapesi ndi wothandiza akayezedwa ndi mlangizi wa ziweto, koma akapitirira muyeso, kapena mvula ikagwera mu chomwera chimene munali yuriya, ng'ombe imagwa pasanathe ola.

Mwina wina mwa inu akuti, agogo, ine ndilibe puloti, ndipo malamulo a mzinda salola ng'ombe m'mayadi athu, ndiye nkhaniyi ikundikhudza bwanji? Ikukukhudzani kuposa mmene mukuganizira, chifukwa ife a ku Mufakose tinakulira pafupi ndi khola lalikulu la ng'ombe. Tsidya ili, ku Crowborough, kuli malo oyeretserako zonyansa za m'masuweji, ndipo pambali pake pali famu ya khonsolo ya Harare. Mafamu ena a mtundu womwewo ndi Pension ndi Ingwe, amene amalandira madzi ochokera ku malo ena oyeretserako zonyansa a ku Firle. Nzeru yake inali yabwino. Nyanja ya Chivero, imene inamangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame, ili kumunsi kwa mzinda, kutanthauza kuti chilichonse chimene timataya chimatsetserekera kumene timatunga madzi akumwa. Pofuna kuiteteza, m'zaka za m'ma 1970 anayamba kuthirira msipu wa kikuyu ndi star grass ndi madzi otuluka m'masuweji atayeretsedwa. Udzu unkamwa chonde chimene chikanakathera m'nyanja, ng'ombe zinkadya udzuwo, ndipo madzi ofika mu mtsinje wa Marimba ankakhala atasefedwa ndi dothi. Ng'ombe zija tinkaziona tili ana zinali pa ntchito yoteteza mpopi wathu.

Koma makinawo anamangidwira mzinda waung'ono. Crowborough anakonzedwa kuti azilandira malita 54 miliyoni pa tsiku, Firle 144 miliyoni, pamene anthu achuluka kwambiri ndipo mapaipi akalamba. Gawo lina la msipu wa ku Crowborough anthu amangapo nyumba. Zonyansa zosayeretsedwa bwino zikafika pa udzu, zimabwera ndi mazira a njoka za m'mimba za anthu, amene ng'ombe ikawadya amakasanduka timatuza m'nyama yake. Zimabweranso ndi zotayidwa m'mafakitale. Akatswiri amene anayeza dothi ndi udzu wa m'minda yothiriridwa ndi madzi a ku Firle anapezamo mtovu ndi cadmium zikuunjikana chaka ndi chaka. Zitsulo zimenezi sizivunda. Zimakhala m'dothi, zina zimalowa mu udzu, kenako m'chiwindi ndi impso za nyama. N'chifukwa chake ndikukuchenjezani inu amene mumamweta udzu wobiriwira bwino m'mbali mwa Marimba pamene paipi yaphulika, n'kumakagulitsa kwa oweta. Kubiriwira kumeneko kusakunamizeni. Udzu wotero usafike pakamwa pa ng'ombe yokamidwa.

Ndipo chonde chimene udzu sunamwe chimakathera ku Chivero. Kumeneko chimanenepetsa namasupuni ndi ndere zobiriwira zija zimene zimaphimba madzi. Mu Disembala 2024 a bungwe loona za nyama zakutchire la ZimParks analengeza kuti zipembere zinayi zafa zitamwa madzi a m'nyanjayo okhala ndi poizoni wa ndere zimenezi, pamodzi ndi mbidzi, nyumbu, nkhwazi, komanso mbuzi ndi ng'ombe za alimi oyandikana nayo. Madzi omwewo ndi amene amapopedwa kupita ku Morton Jaffray kuti ayeretsedwe tisanamwe. Amene munali akuluakulu mu 2008 mukukumbukira maliro a kolera kwa anansi athu a ku Budiriro, mliri umene unapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno. Sindifuna kuti mdzukulu wanga aliyense, akadzakhala ndi khola lake, adzaonjezere pa vuto limeneli. Khola musamange m'dambo kapena pamwamba pa chitsime. Ndowe ndi mkodzo zisatsetserekere ku mtsinje. Kumbani dzenje, muziunjikamo ndi zinyalala za udzu, muzifunditsa kuti dzuwa ndi mvula zisachotse mphamvu yake, ndipo zikapsa muzibwezera m'munda wa udzu womwewo. Mlimi wochita zimenezi amagula feteleza wochepa.

Nanga ng'ombe idye chiyani? Idye zimene mwadzala nokha, ndipo mudzale chaka chathunthu isanafike. Nsenjere ndiye msana wa khola la mlimi wamng'ono. Ng'ombe ya mkaka yaikulu bwino imatha makilo 50 kapena kuposerapo a udzu wauwisi pa tsiku, ndiye werengani nokha kuti mizere iwiri ya kuseri kwa nyumba ikhala masiku angati. Nsenjere muzidula ikafika m'chiuno kapena kupitirira pang'ono. Ikatalika kuposa munthu yasanduka mitengo, imadzaza mimba koma mkaka sutuluka. Muziiduladula tizidutswa kuti isatayike. Pambali pake dzalani za m'gulu la nyemba, chifukwa ndi zimene zimamanga thupi ndi kuchulukitsa mkaka: kalongonda, nkhungudzu, khobwe, ndi mitengo ya lukina m'malire a munda. Masamba a lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, chifukwa akachuluka amathothola ubweya ndi kudwalitsa. Masangwi a mtedza musatenthe, muwaumitse pamthunzi n'kuwasunga pa thandala. Mapesi a chimanga muzitute msanga, asakhale m'munda mpaka chiswe ndi dzuwa zitamaliza zabwino zonse. Nyemba zauwisi zanthete musapatse ng'ombe yanjala m'mawa mame asanaume, imatupa mimba ndi mpweya mpaka kubanika. Iyambe yadya udzu wouma.

Sayileji musamuope, si wa azungu a mathirakitala okha. Dulani chimanga kapena mapira njere zikayamba kulimba koma mapesi akadali obiriwira, duladulani, thirani m'dzenje loyalamo pulasitiki, pondani kwambiri mpaka mpweya wonse utuluke, tsekani ndi dothi pamwamba. Ngati ndi nsenjere, wazanimo molasesi wochokera ku minda ya nzimbe ya ku Triangle kapena Hippo Valley, kumudzi ndiye wa ku Nchalo kapena Dwangwa. Pakatha milungu isanu ndi umodzi wapsa, ndipo dzenje losatsegulidwa limasunga chakudya miyezi yambiri. Sayileji wabwino amanunkhira mowawasa pang'ono. Wakuda, wonanda kapena wa nkhungu, tayani. Amene tinaona chilala cha 1992, pamene ng'ombe zoposa miliyoni imodzi zinafa m'dziko lino, sitiseka nkhani ya dzenje la sayileji. Inunso munaona cha 2024, boma litalengeza mu Epulo kuti dziko lili pa ngozi ya njala, ng'ombe zikugwa ku Matabeleland chifukwa chosowa msipu ndi madzi.

Madziwo musawaiwale. Mwa magawo 100 a mkaka, pafupifupi 87 ndi madzi. Ng'ombe yokamidwa nyengo yotentha imamwa malita 80 kapena 100 pa tsiku, ndipo ikawamanidwa mkaka umatsika tsiku lomwelo. Puloti yopanda madzi odalirika si malo a ng'ombe ya mkaka, ngakhale itakhala yotchipa bwanji. Mchere ndi mwala wonyambita zizikhalapo nthawi zonse. Ng'ombe ya bere muziisiya kukama miyezi iwiri isanabereke, isanenepe kwambiri komanso isaonde, chifukwa zonse ziwiri zimabweretsa mavuto pobereka, ndipo zina zimagwa osadzukanso zikangobereka chifukwa cha kuchepa kwa kashiamu m'magazi. Ng'ombe yoonda imachedwanso kutenga bere lina, ndiye mlimi amakhala chaka chathunthu akudyetsa osakama.

Apa ndiponso pamene nkhani ya mtundu wa ng'ombe imalowera, pambuyo pa chakudya osati patsogolo. Holstein ndi ng'ombe yaikulu, yofuna zambiri, yosapirira kutentha ndi nkhupakupa. Mukaiika pa msipu umene zimadya ng'ombe za makolo za Mashona, imasungunula thupi lake kuti ipange mkaka mpaka nthiti kuonekera. Kwa woyamba kumene, ine ndimati ayambe ndi Jersey kapena ya makaladi, yobadwa kwa Jersey ndi Mashona kapena Tuli. Ikama malita ochepera, koma idzakhala ndi moyo ndipo idzabereka chaka ndi chaka.

Mumamvanso pa wailesi kuti ng'ombe zikutenthetsa dziko. Muli zoona m'menemo. Tizilombo ta m'chifu tija timatulutsa mpweya wa methane, umene ng'ombe imageya, malita mazana angapo pa tsiku, ndipo mpweyawu umasunga kutentha m'mlengalenga. Koma taonani mmene zimakhalira: ng'ombe yodya mapesi ouma okhaokha imageya tsiku lonse n'kupereka malita awiri, pamene yodya nsenjere yanthete ndi nkhungudzu imapereka khumi. Pa lita iliyonse ya mkaka, yodyetsedwa bwinoyo yawononga zochepa. Ng'ombe ziwiri zokhuta zimaposa khumi zanjala zimene zikupala dambo mpaka dothi kukokoloka.

Zonsezi si maloto. Kumudzi, alimi a ku Thyolo, Chiradzulu ndi Blantyre amene ali pansi pa bungwe la alimi a mkaka la SHMPA amaweta ng'ombe imodzi kapena ziwiri m'khola, osazitulutsa kukadya kutchire, amazidulira nsenjere ndi kuzipatsa madeya, ndipo m'mawa uliwonse amanyamula zigubu pa njinga kupita ku malo oziziritsira mkaka monga a ku Bvumbwe. Kumeneko mkaka umayezedwa usanalandiridwe, wothira madzi kapena wosasa umabwezedwa. Kunonso, kuyambira 1983, kuli magulu a alimi ang'onoang'ono a mkaka ku Marirangwe, Chikwaka ndi Nharira. Musanataye ndalama zanu, kwerani basi mukakhale nawo tsiku limodzi, muone dzenje lawo la sayileji, mufunse mmene amadutsira Seputembala ndi Okutobala. Pitaninso ku malo ofufuzira za ulimi a Henderson ku Mazowe kapena a Grasslands ku Marondera mukafunse mbewu za udzu zoyenera dera limene kuli puloti yanu.

Ndipo mukadzayamba kugulitsa, kumbukirani kuti ogula anu ndi anthu a mumsewu mwanu momwemo, amene simungawabisire nkhope pa maliro kapena ku tchalitchi. Ng'ombe imene yabayidwa jakisoni wa matenda a bere kapena ena alionse, mkaka wake musagulitse mpaka atakwana masiku olembedwa pa botolo la mankhwala. Ndikudziwa kuti kutaya chidebe chodzaza kumapweteka mtima, makamaka sukulu fizi ikudikira. Koma mankhwala otsalira mu mkaka amachititsa kuti majeremusi a m'thupi la mwana azolowere, tsiku limene adzadwaledi mankhwala n'kukanika kugwira ntchito. Inu alongo ndi azilamu amene mumagula mkaka wa m'zigubu kwa ogulitsa oyenda nawo m'misewu, muli ndi ufulu wofunsa kumene wachokera, chimene ng'ombezo zimadya, ndi kumene zimamwa. Wogulitsa woona mtima sakwiya ndi mafunso amenewa. Mukafika nawo kunyumba muuphitse mpaka uwire, ngakhale mukufuna kuuwawasitsa, chifukwa mkaka wosaphitsa umatha kunyamula chifuwa chachikulu ndi matenda ochititsa ng'ombe kutaya bere, amene kwa munthu amabwera ngati malungo osamva mankhwala.

Kwa iwe mdzukulu wanga wa ku Johannesburg, ndi ena onse amene ndalama zili kale m'manja: chaka chino musagule ng'ombe. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, dzalani nsenjere theka la ekala pa ng'ombe iliyonse imene mukuifuna, nkhungudzu kapena kalongonda pambali, ndi chimanga china chapadera cha sayileji. Mu Malichi kapena Epulo mutseke dzenje lanu loyamba. Onetsetsani kuti chitsime kapena mjigo ukutulutsabe madzi mu Okutobala. Mukatero mundiitane ndidzaone dzenjelo, kenako tipite limodzi kukasankha ng'ombe.